Bondo Limene Ba Inutu Anathowa

Ba Inutu anali ataviika kale nsalu m'madzi otentha pamene Shawn anayamba kuwiringula. Bondo lake linali litatupa ngati dzungu. Iye ndiye anali katswiri wa timu ya basiketibolo ya ku Maramba, koma anati kochi wawo, Ba Jairos, wamuuza kuti apume, masewero omaliza a Loweruka asawaganizire n'komwe.

"Jairos ni dokotala?" anatero Ba Inutu. "Tambasula mwendo. Ukalichedwetsa bondo, uzayenda monga nkhanu mpaka kumanda."

Anamuthowa masiku anayi ndi masamba a nsatsi. Sikuti ankaukonda mpirawo ayi. Ankati m'pothyolera ana miyendo pa simenti. Koma mdzukulu wawo Imasiku, mnyamata wamtali ngati mlaza, anali atangomaliza sukulu, ndipo Ba Jairos anali atalonjeza kumutenga. Akalowa timu ya ku Maramba, ndiye kuti azigona pakhomo. Bambo ake a Imasiku anapita ku migodi akuyenda okha, nabwerako m'bokosi pa sitima. Kuyambira pamenepo Ba Inutu ankati njanji imadziwa kutenga, kubweza siidziwa. Choncho anaganiza kuti akaithandiza timu kupambana, Jairos sadzaiwala lonjezo.

Munthu uzifunsa usanachite zabwino. Chaka chimenecho akuluakulu a ligi anali atatengera lamulo la ku America: timu yothera pansi ndiyo iyambe kusankha mwa anyamata omaliza sukulu. Pansipo panali matimu awiri, ya ku Maramba ndi ina ya ku migodi, ndipo Loweruka ankakumana okhaokha. Wogonja ndiye atenge Imasiku. Maramba yonse inkadziwa zimenezi, kupatula Ba Inutu. Imasiku anayambapo kuwafotokozera, iwo n'kumudula ndi chenjezo la madzi a pa mpopi wa kubwalo. Sanabwerezenso.

Loweruka Shawn anafika akudumpha ngati mbuzi. Pamaso pa akuluakulu a ligi, Ba Jairos anasowa chifukwa chomukhazikira pansi. Mnyamatayo atangogwira mpira anaiwala zonse, manja anachita zimene anazolowera. Maramba inapambana ndi mapointi atatu.

Ba Inutu anaimirira, namanga chitenje, naimba nthungululu. Anaimba okha. Anthu anali zii, ena atagwira m'mutu. Munsaka, wogulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, anavula chipewa cha timu n'kuchikhalira.

"Ba Kuku, nkhalani pansi," anatero Munsaka, powaitana monga kumeneko amaitanira agogo. "Muimbila nthungululu pa malilo yanu."

Anawafotokozera pang'onopang'ono, akuloza mzibambo wa jekete wa ku migodi amene ankaseka ndi anyamata ake ogonjawo. Ba Inutu anati ndi bodza, palibe dziko limene wogwa m'matope ndiye amayamba kusankha mkazi. Atayang'ana Ba Jairos, anawaona akutola mabotolo, nkhope ili kumbali.

M'minibasi yobwerera anthu anakangana njira yonse. Wina anati lamulo ndi la azungu, libwerere kwawo. Wina anati wolakwa ndi Shawn, mutu wake uli m'manja. Mayi wina, osadziwa amene wakhala naye, anafunsa kuti kodi mfiti imene inapoletsa bondo lija ndani. Ba Inutu anatsikira patali, nayenda pansi.

Kalata ya timu ya ku migodi inabwera patapita milungu iwiri. Imasiku anawawerengera ataimirira, mawu akunjenjemera, koma Ba Inutu anamva kuti si mantha okha amene ankawanjenjemeretsa.

"Unali kuziba pamene n'nali kuthowa mnzako?"

"N'nayesa kukuuzani, Ba Kuku."

"Kamozi."

Imasiku anayang'ana pansi.

Pa siteshoni Ba Inutu anamuchenjeza za chifuwa cha fumbi la ku migodi, za akazi oseka msanga, za kukhala pafupi ndi khomo la sitima. Zonse anavomera, maso ali kutsogolo. Pomaliza Ba Inutu anatsegula chikwama cha mnyamatayo, nalowetsamo nsalu yothowera ija, yokulungamo masamba a nsatsi.

Mvula itayamba, bondo la Shawn linatupanso. Anafika akutsimphina, nakhala pa mpando womwe uja. Ba Inutu analiyang'ana bondolo nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Yenda ku chipatala, mwana wanga," anatero. "Nsalu inapita ku migodi."