Chala Chimodzi Pansi pa Tsache

Ndinakula ndikuuzidwa kuti utali wanga ndi madalitso. Onse amene ankanena zimenezo sanayesepo kulowa m'kagalimoto kopanda denga atavala chisoti cholimba choteteza mutu.

Dzina langa ndine Glenys, ndimayendetsa basi ya ana asukulu ku Shepparton kuno, ndipo zaka zanga zadutsa makumi asanu ndikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha ana a eni. Chaka chatha mnzanga wina anandikweza m'galimoto yake pabwalo la mpikisano, pa tsiku lija amatsegulira anthu wamba kuti athamangitse magalimoto awo popanda wapolisi wowabisalira patchire. Ndinatsika mtima utamanga kale mfundo: ulendo wotsatira pachiwongolero ndidzakhala ndine.

Vuto linali galimoto. Ngolo yonyamulira ndilibe, ndipo pafulati yanga pali malo oimikapo galimoto imodzi basi. Choncho ndinkafuna ya mapepala onse a pamsewu, yoti indipititse kubwaloko, ithamange tsiku lonse, indibweretse kunyumba, Lolemba indifikitsenso kuntchito. Ikhale yopepuka, yosadya matayala ndi mabuleki, komanso yopanda denga. Pa mfundo yomalizayi panalibe wondisuntha. Denga ndakhala nalo pamutu mokwanira.

Koma kalabu yoyang'anira bwalolo ili ndi lamulo la tsache. Galimoto yopanda denga iyenera kukhala ndi chitsulo chopindika kumbuyo kwa mipando, choti ikagubuduka chiteteze mutu. M'mawa wa tsikulo woyendera magalimoto amakukhazika pampando utavala chisoti, n'kugoneka mtengo wa tsache kuchokera pamwamba pa galasi lakutsogolo kukafika pachitsulocho. Chisoti chikakhudza mtengowo, ubwerere kwanu. Kuchonderera sikuthandiza.

Motero ndinkayendera ogulitsa chisoti chili m'khwapa, mlongo wanga wamng'ono Darrin akunditsata ndi tsache. Darrin ndi makaniko wa mathirakitala, wamfupi ngati bambo athu, ndipo ulendo uliwonse kwa iye unali sewero laulere.

"Achemwali, bwanji osangokathamangitsa basi yanu ija?" anatero tsiku lina. "Mmenemo ndiye mumakwana bwinobwino."

"Gwira tsachelo, iwe. Sindinakutengere pakamwa."

Galimoto ya ku Echuca inali ndi dzimbiri kunsi loti chala chinkalowa. Ya ku Seymour eni ake anaitsitsa ndi kuisinthasintha moti palibe akanaipatsa mapepala a pamsewu. M'zina mutu wanga unkatulukira pamwamba ngati wa emu, chimbalame cha khosi lalitali, chikusuzumira pampanda. Uku kalembera wa tsiku la kubwalo anali pafupi kutsekedwa, ndipo likanandiphonya ndiye kudikira mpaka nyengo yozizira ithe. Ndinayamba kupsa mtima ndi galimoto iliyonse, ngakhale ya munthu wongodutsa.

Kenako tinafika ku Benalla, kwa bambo Lindsay Tregear, mkulu amene anapuma pantchito ya ku positi ofesi. Anatilowetsa m'galaja, n'kuvundukula nsalu pang'onopang'ono ngati akudzutsa mwana. Kagalimotoko kanali kobiriwira, kopanda dzimbiri ngakhale dontho, chitsulo chakumbuyo chilipo kale. Darrin anagona pansi kukayang'ana kunsi, ndipo atadzuka analibe nthabwala. Injini italira ndinadziwa kuti ndi yomweyi. Ndinaikonda, ndinene mosabisa.

Ndinavala chisoti n'kukhala pampando. Darrin anagoneka tsache. Ndinamva kuti kho pamutu.

"Ndatulukira bwanji?" ndinafunsa.

"Chala chimodzi," anatero, kenako anawerama n'kundinong'oneza. "Musalankhule kanthu. Gulani, siponji ya mumpandomu tikaidulira kunyumba, mukatsika. Madalawa akangomva zodula atithamangitsa ndi tsache lathu lomweli."

Ananena zoona, aatali onse kubwalo amatero. Koma ndinaona bambo Tregear akupukuta ndi mkono wa juzi yawo pamene dzanja langa linagwira pachitseko, ndipo pakamwa panga sipasunga zinthu.

"Bambo Tregear, ndikuuzeni chilungamo. Ndikaigula, mpando uwu ndiutsegula, ndidule siponji ya kunsi kuti ndikhale motsika. Kupanda kutero sandilola kulowa m'bwalo."

"Mudule chiyani?"

"Siponji."

"Mayi, mumpando umenewu simunagwerepo ngakhale nyenyeswa ya bisiketi." Anatola nsalu yawo. "Pepani mwavutika ndi ulendo. Sindigulitsa."

Sindinatsike. Ndinagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Sindikufuna kuiwononga, bambo. Ndikufuna kuiyendetsa mmene anaipangira kuti iziyendera. Mukandikaniza lero ndibweranso Loweruka."

"Amabweradi," anatero Darrin. "Ine ndawapirira kuyambira ndili khanda."

Pakhomo lolowera m'nyumba panali pataima mayi Merle, akazi awo, atanyamula tiyi ndi makeke a lamingitoni. Anaika thireyi pa makina ochapira.

"A Lindsay, galimoto iyi imagona m'nyumba, yanga ikuwombedwa ndi matalala panja. Chitsulo icho munaikitsa nokha mukuti mupita kubwalo, mpaka maondo akukanani musanapiteko. Lero wabwera munthu woti apitadi, inu mukulirira siponji?"

"Merle, izi sukuzidziwa."

"Ndikuzidziwa, ndimasesamo ndine muno."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpeni wamagetsi, chingwe chikulendewera.

"Uwu timadulira nyama ya nkhumba pa Khirisimasi. Siponji singaukanike. Mwana iwe, masula mpandowo."

Darrin, amene ali ndi imvi zake, anayang'ana bambo Tregear. Mkuluyo anayang'ana mpandowo, nsalu ili m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Nanga tikadula, n'kupezeka kuti simukukwanabe? Mundisiyira mpando wong'ambika n'kumapita?"

Funsolo linali lachilungamo. Siponji ili ndi polekezera, kunsi kwake kuli chitsulo, ndipo palibe akanalonjeza kuti chala chija chipezeka. Ndikagula n'kulephera, ndiye kuti ndataya mwayi wanga wonse pa galimoto yoti kubwalo singandilowetse. Ndinatsika, n'kuvula chisoti, n'kuwapatsa dzanja.

"Ndaigula, kaya ndikwana kaya sindikwana. Mpandowo tsopano ndi wanga."

Anandigwira chanza, dzanja lawo lili lozizira. Kenako analanda mpeni kwa akazi awo.

"Bweretsa kuno. Iwe ngakhale buledi umadula mokhota. Ngati n'kudula, ndidula ndekha."

Darrin anamasula mabawuti, natulutsa mpando, nautembenuza patebulo, n'kuuvula chikopa chakunsi. Bambo Tregear anavala magalasi, nayatsa mpeni. Ankadula tizidutswa topyapyala toti kuwala kunkaonekera, n'kumatisanja bwinobwino pambali. Tinabwezera mpando, ndinakhalapo, tsache linagona. Kho.

"Achemwali, mwina tiyambe kudula inuyo," anatero Darrin.

Palibe anaseka. Tinatulutsanso mpando. Ulendo wachiwiri tsache linangokwecha chisoti, koma kukwecha ndi kukhudza komwe. Tiyi anazizira pathireyi. Mayi Merle, amene anayambitsa zonsezi, anali atagwira pakamwa. Mantha anandigwira, ndipo ndinadzida chifukwa cha miyendo ndi msana wangawu, zomwe sindinachitepo kuyambira ndili kusukulu.

"Yatsala yochepa," anatero bambo Tregear, akutsina siponji ndi zala. "Ndikadulanso muzikhala ngati pa benchi ya kutchalitchi. Msewu uliwonse muziumva m'mafupa, tsiku ndi tsiku."

"Dulani."

"Mayi, simungadzaibwezeretse."

"Dulani, bambo."

Mpeni unaliranso. Darrin atamanga mabawuti ndinakhala pansi, ndipo kulimba kwa chitsulo ndinakumva nthawi yomweyo. Ndinakhala mowongoka, osazinyenga powerama, chifukwa woyendera magalimoto sapusitsika. Darrin anagoneka tsache. Ndinadikira kho uja, koma sanamveke.

Bambo Tregear anawerama movutikira, maondo akulira, n'kulowetsa chala chawo pakati pa mtengo ndi chisoti. Anachiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo. Chinadutsa.

Misozi inatsika m'chisotimo, ndipo ndinailola, poti panalibe woiona. Mkuluyo anatenga kiyi, naiika m'dzanja langa, n'kulitseka ndi manja awo onse awiri.

"Ine sindinaipitirizepo liwiro la pamsewu," anatero. "Mukafika mbali yowongoka ija ya bwalo musaimvere chisoni. Mudzandiuze mmene imalirira."