Nsalu Yoyera ya a Makaiko

A Makaiko anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi m'nyumba ina yoonetsera kanema ku Limbe, ndipo oyendetsa makina anali iwowo. Nyumbayo itatsekedwa anabwerera kwawo kwa Malemia kukagwira khasu, koma mtima unatsalira komweko. Akamva phokoso la m'tizisakasa ta vidiyo pa Songani ankangopukusa mutu.

"Kanema weniweni saonera pa kabokosi," ankatero. "Nkhope ya munthu izikula ngati chitseko cha tchalitchi, msozi uziuona ukutsika."

Chimwalirireni akazi awo ankakhala okha. Mwana wawo Dyna, mphunzitsi wa kusekondale, anaganiza zowasangalatsa. Loweruka lina masana anabwereka pulojekita, n'kupeza filimu yakalekale imene bambo akewo ankaitama kuposa zonse. Anatchinga mawindo a kalasi ndi mabulangete, n'kupachika nsalu yoyera pa bolodi.

A Makaiko anafika pa kabaza atavala jekete. Dyna anawakhazika kutsogolo. Nyimbo itangoyamba, iwo anayamba kulosera: apa sitima ifika, apa mkazi uja atembenuka, taona kuwala kwagwera pa tsaya. Zonse zinkachitikadi momwemo.

Filimu ili mkati magetsi anathima. Chithunzi chinazimiririka, koma mawu anapitirira kutuluka pa laputopu poti inali ndi moto wake. Dyna anadzuka kuti apepese.

"Khala pansi iwe, pokoma ndi pamenepa," anatero a Makaiko akuloza nsalu yopanda kanthu. "Taona mvula imeneyo! Pa kabokosi ungaione chonchi?"

Dyna anapita pawindo. Anachotsa bulangete limodzi, dzuwa n'kuwamenya bambo ake kumaso. Sanaphethire n'komwe. Apo m'pamene anakumbukira makapu amene ankangosweka kunyumba kwa bambo ake, ndi Baibulo limene linali litachita fumbi pawindo.

"Bambo, zayamba liti?"

Dzanja la a Makaiko linatsika pang'onopang'ono.

"Magetsi athima eti?"

"Eya."

"Dzinja lathali. Ndimati zitha zokha."

Lolemba anapita nawo kuchipatala ku Zomba. Dokotala anati mitsempha ya maso inafa kale, akanabwera chaka chatha mwina diso limodzi likanapulumuka. Anabwerera pa minibasi. Atatsika, a Makaiko anapapasa mpaka kupeza phewa la mwana wawo, anthu akuona.

"Dimba la kumtsinje lija umpatse mlamu wako," anatero. "Tiye, koma usafulumire."