Makhadi Awiri, Ana Atatu

Mayi Naphiri a ku Mkaika atamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1986, nthenda yomwe inatenganso amayi awo ndi mng'ono wawo, dokotala wa ku chipatala cha mishoni anati imeneyi ndi ya kumtundu: ana awo aakazi azibwera chaka ndi chaka kudzapimidwa. Maina anakapereka ndi amalume awo, a Sylvester. Makhadi anabwera awiri, la Christina ndi la Yunesi. La Gertrude, mwana woyamba, panalibe.

Nsanje ilibe manyazi, imasirira ndi mzere wa kuchipatala womwe. Tsiku lokapimidwa, Gertrude anaona ang'ono akewo atatchena zitenje zatsopano, amuna awo atapukuta njinga, mudzi wonse ukuwatsazika ngati opita ku Lusaka. Mtima unamuwawa zedi. Ndani anatsuka bala la amayi miyezi isanu, Christina ali phee ku Katete kugulitsa zitumbuwa? Lero a zitumbuwa ndiwo ofunika kuti asafe!

Chaka choyamba anameza mate. Chachiwiri zinamukwana. Anapeza amalumewo akusoka thumba la mtedza pakhonde, Christina akuwagwirira.

"Amalume, ndinakulakwirani chiyani? Kapena ine ndikafa palibe kanthu?"

"Khala pansi, mwana wanga."

"Sindikhala! Mukandilembetse mawa lomwe."

A Sylvester anabaya singano m'thumba.

"Dokotala anafunsa obadwa m'mimba mwa mlongo wanga," iwo anatero. "Iwe mayi wako anali mlendo wochokera ku Vubwi, anamwalira pobereka iwe. Mlongo wanga anali atangotaya khanda lake, ndiye anakutenga n'kukuyamwitsa. Anatilumbiritsa kuti tisadzakuuze. Kwa anthu ndanama zaka makumi atatu, koma kwa dokotala ndinaopa."

Gertrude anakhala pansi tsopano, pa dothi penipeni. Anayang'ana Christina: mphuno ya amayi, mpata wa m'mano wa amayi, ndi kapendekedwe ka khosi komwe. Zaka zonsezi sanaonepo bwanji?

"Asisi, musalire," anatero Christina pomugwira phewa. "Mwayi ndi wanu. Ife sitigona tulo, inu nthendayi siikukhudzani."

Gertrude anachotsa dzanjalo.

"Mwayi? Iwe amayi uli nawo m'magazi, ngakhale akuphe. Nanga ine ndatsala ndi chiyani?"