Thabwa Lotalika ndi Zala Ziwiri

Amuna anga anali kalipentala, ndipo anthu ankawatchula kuti a Sikweya, dzina la chida chopimira ngodya, chifukwa chinthu chokhota chinkawadwalitsa mutu. Ngakhale chithunzi cha pakhoma pa eni ake ankachiwongola asanapereke moni. Atamwalira anandisiyira matabwa asanu m'chipinda chawo chopaliramo, odulidwa kale koma osalumikiza, ndi kathumba ka mabatani ofiira ndi kandodo kamutu wobulungira.

Linali bokosi loseweretsera gemu, longa la makina aja tinkaponyamo ndalama yachitsulo tili achinyamata. Ndi pamakina otero pomwe tinadziwana. Ndinawagonjetsa katatu konse anzawo akuseka, iwo n'kuona kuti njira yobwezera ndi kundikwatira basi. Ine ndinasiya kusewera nditagwa panjinga. Dzanja lamanzere linatuluka m'chikhakha litapola mokhota, moti mpaka lero siligona bwino pamalo osalala.

Bokosilo analiyamba akudwala kale, ndipo ine linkandinyansa. Munthu wa imvi, mankhwala ali ndundundu pawindo, n'kumapuma utuchi chifukwa cha chidole! Tsiku lina ndikusita zovala anabwera ndi thabwa, n'kulitsamiritsa pabuku.

“Amayi, taikani dzanja apa.”

Ndinaika, maso ali pamalaya. Anawonjezera kabuku kena pansi.

“Nanga apa?”

“Inu, malaya apsa! Zachibwana zanuzo kachitireni uko.”

Anaseka, n'kulemba kamzere ndi pensulo ija inkakhala kukhutu kwawo, n'kutuluka.

Patatha miyezi inayi chiwaikireni m'manda, ndinalowa m'chipindamo n'kulumbira kuti ntchito yawo yomaliza ndiimaliza ndine, mmene iwo ankafunira. Ndinali ndisanawapepese pa mawu aja, ndipo njira ina yopepesera sindinkaiona. Koma nditaimika matabwawo ndinagwira njakata. Ukalumikiza ngodya iyi, inayo ikuyasama. Thabwa lapamwamba likatsetsereka kubwera kwa wosewera, monga liyenera, linkapendekekanso kugwera kumanzere. Ndinalimbana nalo masiku awiri, kenaka ndinaitana alamu anga, akulu awo a malemuwo, amenenso ndi kalipentala.

Alamu anafika m'mawa ndi tepi yawo. Anayeza, n'kuyezanso, n'kukanda mutu.

“Mlamu, thabwa lakumanjali n'lalitali ndi zala ziwiri kuposa linzake. Lakutsogolo ndi lakumbuyo nawonso awadula mopendama. Ndipo taonani m'mphepetemu, sowo anaigoneka kawiri, cham'mbali ndi cham'tsogolo. Ngodya zoterezi sizigwirana ukangoimika mowongoka.”

“Ndiye kuti analakwitsa?”

Anasisita thabwalo ndi chala.

“Mng'ono wangayu sankalakwitsa. Koma kumapeto kuja manja ankanjenjemera, inu munaona nokha. Kapu ya madzi inkawavuta.”

Zinandipweteka koopsa. Ndinawaona m'maganizo a Sikweya ali okhaokha m'chipindamo, akudula mokhota osadziwa, ine ndili mkati kulongolola. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Sindinafune kuti munthu aliyense adzaone ntchito yawo yomaliza n'kunena kuti matenda anawadya mpaka luso.

“Wongolani, alamu. Pasatsale chizindikiro.”

“Mukutsimikiza? Chopalidwa sichibwerera.”

“Ndati wongolani. Kodi ndikulankhula ndi khoma?”

Anapana thabwa lakumanja n'kuyamba kulipala. Zopalidwa zinkagwa zopiringizika, zina zili ndi kamzere ka pensulo. Anatsitsa lakumanjalo mpaka linafanana ndi lamanzere, n'kusalaza lakutsogolo ndi lakumbuyo, n'kudulanso m'mphepete monse kuti ngodya zikumane. Pofika masana bokosi linali litagwirana ndi guluu ndi masikuluwu, lopanda mpata wolowa ngakhale pepala. Analowetsa mabatani m'mabowo mwake, kandodo kumanzere.

“Ndi imeneyotu ntchito ya a Sikweya,” anatero alamu akupukuta thukuta. “Tayesani, mlamu. Paja amati munkawakwapula.”

Ndinaseka koyamba pa miyezi inayi. Ndinakoka mpando, dzanja lamanja pamabatani, lamanzere pakandodo. Nditangoti ndiligoneke pathabwa, ululu uja wakale unandilasa pamfundo mpaka m'chigongono. Mosaganiza n'komwe ndinanyamula bokosilo mbali yakumanja kuti dzanja lipeze pogona. Litakwera pang'ono, ululu unaleka.

Ndinayang'ana mpata umene unatsala pakati pa bokosi ndi tebulo. Ndinalowetsamo zala. Zinalowa ziwiri ndendende.

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira mabuku awiri aja, ndi malaya amene ndinkaopa kuti apsa.

“Alamu,” ndinatero, “sanalakwitse. Ankayeza dzanja langali.”

Alamu anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ana zopalidwa zili mbwee pansi. Anavula chipewa n'kukhala pabenchi.

“Ine ndapala matabwa zaka makumi anayi,” anatero, “koma ndayeza thabwa osafunsa kuti n'la ndani. Madzi akatayika saoleka, mlamu. Komabe dzanja lilipo. Ndikhoza kukuyezani, ndidule ena.”

Ankanena zoona, ndipo ankanena mwachifundo. Koma ndinakana. Ena akanadula bwino lomwe, mwina kuposa, koma sakanakhala matabwa amene munthu wodwala anawagonekera sowo kawiri, manja akunjenjemera, kuti mkazi wake wolongolola aseweretsenso gemu osamva kuwawa. Amenewo ndinali nditalamula ndekha kuti awapale, ndipo ndinakalipa pofuna kuti achite msanga.

Alamu anatenga tsache kuti asese.

“Siyani,” ndinatero.

Ndinagwada n'kuyamba kutola zopalidwazo chimodzichimodzi, kufunafuna zija zinali ndi kamzere ka pensulo. Ndinapeza zisanu ndi chimodzi. Ndinayesa kuzitambasula patebulo kuti mzerewo ulumikizane, koma chilichonse ndikachiwongola chinkathyoka.