Chitseko Chinatsogola

Kutchalitchi ananditsazika kawiri. Kachitatu ndinakana ndekha, chifukwa ngakhale a Abednego, amene amatsogolera mapemphero athu, anali atayamba kundiyang'ana ngati maliro okana kulowa m'bokosi.

Ndine Zakeyu, kwathu ndi ku Thyolo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma Kepi ya ku Joni kuno ndinaimaliza yonse. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikutchetcha kapinga wa azungu ku Hout Bay, kusadzira maluwa osabala chodyedwa, ndi kuwola za agalu odya bwino kuposa ine. Ndikaweruka ndimakwera mtunda kubwerera ku Imizamo Yethu, kumene tinyumba tathu ta malata tinathithikana paphiri moti mnzako akayetsemula umapepesa ndiwe. Mawondo anayamba kudandaula. Pemiti imatha kumapeto kwa Juni, ndipo mphamvu zokaimanso pamzere ndinalibe. Mkazi wanga Ellina anali atatsogola kale chaka chatha ndi ana. Ku Bvumbwe tinagula kamalo, makoma tinafikitsa pa lintala, koma denga kulibe. Ndiye nkhani inali yosavuta: gulitsa shaki, kanyumba ka malata ka kuno, kafolere nyumba ya kumudzi, ukhale pansi. Tikiti ya basi ndinadula ya pa 28 Juni. Ntchito ndinaisiya m'manja mwa mlamu wanga Tumbiko, monga timachitira, kuti isatuluke pamtundu.

Kuno nyumba ilibe pepala. Malo ndi a boma, malata ndi ako, mvula ndi ya Mulungu. Mukamvana mtengo mumapita kupolisi kukalemba kalata yolumbira, kenako a komiti ya m'dera amafufuta dzina lako n'kulemba la mnzako. Zimenezo zisanachitike, zonse zimakhala nkhambakamwa. Izi ndimazidziwa bwinobwino, ndimalangiza nazo ena.

Woyamba anali Maxon, amene amagwira m'maboti a nsomba kudoko. Anabwera n'kuyeza chipinda ndi mapazi, nati bedi likhala apa, mkazi wake akubwera mwezi wamawa. Tinagwirana chanza. Lamlungu lotsatira mpingo unandiimika kutsogolo, anandiimbira nyimbo, amayi analira pang'ono, anandipatsa bulangete la kambuku. Patatha sabata boti la a Maxon linamangidwa padoko, ntchito yatha. Sanandiuze. Ndinangoona kuti munthu amene ankandipatsa moni ali kutali tsopano akumakhotera kuseri kwa zimbudzi akandiona.

Wachiwiri anali Jessie woluka tsitsi, amafuna asandutse chipinda chakutsogolo saluni. Ameneyu anafika mpaka posankha penti. Mpingo unanditsazikanso, ulendo uno popanda bulangete, ndipo nyimbo anaimba ndime imodzi yokha. Kenako m'busa wa Jessie analota nyumba yanga ikuyaka moto. Ndinamuuza mtsikanayo kuti ku Imizamo Yethu kulota moto si ulosi, ndi kukumbukira chabe, koma iye anati za mzimu sizitsutsidwa. Anapita ndi penti wake.

Pamenepo n'kuti bedi ndagulitsa, mapoto ndagawa, wailesi yapita kwa Tumbiko. Ndimagona pamatiresi pansi, m'nyumba yolira ngati chigubu mphepo ikaomba. Chinthu chimodzi chokha cha ulemu chinatsala: chitseko.

Chitseko chimenecho chili ndi mbiri yake. Madamu amene ndinkawagwirira ntchito atakonzetsa nyumba yawo, anachitaya pamulu wa zinyalala. Thabwa lenileni, lolemera, lakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndi kakamwa ka mkuwa kolowetsera makalata, ngakhale kwa ine sikunabwerepo kalata. Tinachikweza phiri anthu anayi. Chinali chachitali, ndiye ndinachidula kunsi mulingo wa chikhatho kuti chilowe. Chaka chimene kunabuka moto waukulu paphiri pathu, anzanga akuthawitsa ma TV, ine ndinamasula mahinjesi n'kuthawa ndi chitseko pamsana. Anthu anandiseka mwezi wathunthu. Koma ine ndinakula ndikuona zimenezi. Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo banja likatha makoma amawasiya, koma chitseko amazula. Bambo anga anachoka pamudzi pa amayi atasenza chawo pamutu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe anawatchula wakuba. Munthu akamasamuka, chitseko ndi chake. Sindinaganizepo kuti pali dziko limene nkhani imeneyi ndi yofunika kuikambirana.

Wachitatu anali Mama Nobantu, Mkhosa, wophikira ana kusukulu ya mkaka kumunsi kwa phiri. Anabwera ndi ana ake aakazi awiri, anamwali akuluakulu. Ndinali nditakonzeka kunama za denga, chifukwa pakona pamadontha, koma iwo sanayang'ane n'komwe kumwamba. Anaima pakhomo. Anagogoda chitseko ndi nkhonya, anachitseka, anachikankha ndi phewa, anauza mwana wamkuluyo kuti achimenye theche. Chitseko chinangoti zii. Anafunsa mtengo, ndinatchula wokwera kuti tiyambirepo kutsitsana, iwo anangoti chabwino. Mumtima ndinati lero ndakumana ndi munthu wosadziwa kugula. Anati ndalama za chipereganyu chawo zituluka Loweruka pa 21, abwera nazo pamodzi ndi bambo wa komiti, kupolisi tidzapita Lolemba.

Tsono lole ya Safeli, amene amatinyamulira katundu kupita kumudzi, imanyamuka Lachinayi, ndipo inali yomaliza tsiku langa lisanakwane. Chitseko sichikwera basi. Ellina naye pafoni anali atandikumbutsa katatu kuti chitseko chija ndisasiye, pakhomo la ku Bvumbwe pakuyembekeza chomwecho. Ndiye Lachinayi m'mawa ndinachimasula, ndinachikulunga m'bulangete la kambuku lija, ndinalemba dzina la Ellina ndi nambala ya foni mbali zonse ziwiri, n'kuchikweza. Safeli anati chimalemera ngati ng'ombe. Pakhomo ndinakolowekapo chithabwa chopyapyala chimene ndinatola kuseri kwa shopu, ndinachimanga ndi waya. Ndinasamba m'manja ndili wokhutira, ngati munthu wadongosolo.

Loweruka kunacha ndi kamvula kaja ka Juni, kopanda mabingu, kongonyowetsa mafupa. Mama Nobantu anafika cha m'ma teni, chikwama atachipanira kukhwapa, ana awiri kumbuyo, bambo wa komiti ndi ambulera. Ndinawalandira ndi mano onse panja. Iwo anaima patali pang'ono.

“Luphi ucango, bhuti?”

Chikhosa changa ndi cha mu takisi, koma funso limeneli ndinalimva: chitseko chili kuti? Ndinayankha mosavutika kuti chili paulendo, chatsogola kumudzi. Ndinafotokoza kuti nyumba ndi iyi, makoma onse anayi alipo, denga lilipo, waya wa magetsi ndawasiyira waulere. Nditaona kuti nkhope sizikusintha, ndinafotokozanso za kwathu, za bambo anga ndi chitseko pamutu. Ndimasakaniza Chizungu, Chikhosa ndi manja. Bambo wa komiti anayamba kuseka, anaseka mpaka anakhala pakreti ya mowa yonyowa, nati zaka zonse wakhala mu komiti anaonapo ogulitsa nyumba imodzi kwa anthu atatu, koma wogulitsa nyumba n'kutumiza khomo lake kudziko lina ndi woyamba ine.

Mama Nobantu sanaseke. Anakankha chithabwa changa ndi chala chimodzi, chinapepheruka ngati tsamba la nthochi. Analankhula pang'onopang'ono kuti ndimve.

“Bhuti, malata ndili nawo kumene ndikukhala. Kudontha ndili nako. Ine ndimachoka m'mamawa, ana awa amatsala okha, ndipo kawiri konse anthu athyola chitseko chathu masana. Ine ndimagula chitseko chija. Nyumbayi imangoperekeza.”

Ndinayang'ana ana aja. Wamng'onoyo amayang'ana pansi. Nthabwala imene inali itafika kale pamlomo ndinaimeza.

Ndinaimbira Safeli pomwepo, onse akumva. Anayankha pakati pa phokoso la malole.

“Achimwene, chitseko chanu chili pamzere pa Beitbridge. Mapepala ake ali bwino kuposa anu. Mukufuna nditembenuze lole ya katundu wa anthu makumi anayi chifukwa cha thabwa?”

Ndinalonjeza Mama Nobantu kuti ndigula china chatsopano kusitolo, cha loko ziwiri. Anati zakusitolo amazidziwa, mkati mwake ndi mapepala, zomwe anathyola kwawo zinali zomwezo. Ndinatsitsa mtengo. Ndinatsitsanso. Anangogwedeza mutu, osakwiya, ngati munthu amene wazolowera kuti zinthu zimatha chonchi. Anati mchemwali wawo ku Dunoon ali ndi chipinda cha njerwa kuseri kwa nyumba, chili ndi chitseko chachitsulo. N'kutali ndi ntchito, adzikwera matakisi awiri, koma basi. Anapanira chikwama chawo n'kutsetsereka, ana pambuyo. Bambo wa komiti anatsalira m'mbuyo kuti amalize kuseka, kenako anandigwira paphewa nati ndikapeza wina ndimuuze, koma ndisatumizenso denga.

Sabata imene inatsala ndinaiyenda ndi mapazi. Ndinauza a m'matakisi, a kudoko, amayi ogulitsa nyama yootcha pamsewu. Vuto lake, phiri lonse limadziwa tsiku la tikiti yanga, popeza ndinatsazikidwa kawiri pagulu. Munthu wa tikiti m'thumba alibe mtengo. Amene amabwera amatchula ndalama yoti singagule ngakhale misomali ya denga la ku Bvumbwe, ndipo aliyense amayamba wafunsa za chitseko, ngakhale amene sanachionepo. Tumbiko anati ndingomusiyira nyumbayo, adzandigulitsira ine nditapita. Ndinamuthokoza. Ndawaona anthu amene anasiyira abale nyumba kuno: pakatha miyezi itatu amalandira foni yoti inapsa, chonsecho m'zithunzi za pa WhatsApp ikuoneka kumbuyo, yopakidwa penti watsopano.

Lachinayi, masiku awiri basi isananyamuke, Ellina anaimba. Anati katundu wafika bwino, bulangete ndi lokongola. Kenako anakhala chete, ndipo mkazi wanga akakhala chete pafoni imene akulipira yekha ndiye kuti pali nkhani.

“Bambo a Miracle, chitseko chija mmisiri wachiyesa. Chikuperewera.”

Ndinafunsa kuti chikuperewera bwanji, chitseko cha azungu chonsecho.

“Kunsi. Mulingo wa chikhatho. Akuti nkhuku izilowa osawerama.”

Ndinakhala pansi pamatiresi. Ndinali nditaiwala kuti ndinachidula ndine, ndi sowo yobwereka, zaka khumi zapitazo. Felemu la ku Bvumbwe ndi la muyezo wa boma. Ellina anati pakadali pano achitsamiritsa kukhoma la pabalaza, achifunditsa pulasitiki chifukwa cha mawawa a chiperoni, poti denga kulibe. Ndiye ndinali ndi nyumba ziwiri: ina ya denga yopanda chitseko, ina ya chitseko yopanda denga, pakati pake malire atatu.

“Nanga Loweruka mukukwera?”

Ndinaganiza zokwera. Ndinadziona ndikutsika pa Bvumbwe ndi chikwama chimodzi, zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ku Joni, n'kukagona kwa apongozi, anthu akuloza makoma aja kuti ndi za uja anabwera chimanjamanja. Ndinamuuza kuti ayi, ndidikira kaye wogula weniweni, mwina dzinja la kuno likatha anthu amakhala ndi mtima wogula. Sanatsutse. Anangoti ana amafunsa, ndipo mayunitsi akutha.

Kuofesi ya basi anandisinthira tsiku. Mtsikana wa pakauntala anafunsa kuti alembe liti, ndinati alembe kutali. Tumbiko, atandizunguza pang'ono, anandibwezera masiku awiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo tsopano pantchito yanga yomwe amandiuza ndi iyeyo pamene pali payipi. Agalu okha ndi amene anasangalala kundiona. Za pemiti ndinakaimanso pamzere womwe uja, mawondo akuimba nyimbo zawo. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi. Ine ndinasiya thupi lonse, chimene chinapita ndi chitseko chokha.

Lamlungu ndinakhala benchi lakumbuyo. Pa zolengeza a Abednego anayang'ana kumene ndinali, anatsegula pakamwa, ine ndinapukusa mutu, anapitiriza za chopereka.

Chithabwa chija sichikanatha mwezi wa Julayi. Mphepo ya kuno imabwera kuchokera kunyanja ngati ili ndi mlandu nawe. Ndinapeza chitseko chakale kwa munthu wina wogumula nyumba, chopepuka, chopanda kakamwa ka mkuwa, koma thabwa ndithu. Loweruka masana ndinayamba kuchikhoma. Ndimati ndingoika mahinjesi awiri, zongoyembekezera, koma ndinapezeka ndaika atatu, ndathira mafuta, ndikuchitsegula ndi kuchitseka kumvetsera ngati chikulira. A Abednego amadutsa ndi jumbo ya kabichi. Anaima, anaonerera kanthawi.

“A Zakeyu, nanga ichi mukagulitsa nyumba chitsala?”

“Chitsala, abusa,” ndinatero, ndikumanga sikuluwu yomaliza. “Mwina ndi mwini wake yemwe.”