Voti ya Ufa wa Chuku

"Kodi mwana amadya fungo kapena phala?" anafunsa a Moffat, manijala wathu, ataima pambali pa matumba a ufa.

Ine ndinali nditalankhula kale mokwanira.

Fakitale yathu inali kuseri kwa msika wa Madisi. Tinkakazinga soya wa ku Ntchisi, n'kumugaya pamodzi ndi chimanga cha ku Dzoole, kupanga ufa wa phala la ana onyentchera m'zipatala. Anandilemba nditangomaliza digiri kuti ndiziona ngati ufawo uli bwino usanatuluke. Ankanditchula kuti a Kwalite. Chida changa choyezera chinyezi chinkakhala m'kabati ya a Moffat, chopanda mabatire, kudikira alendo.

Chimanga cha sabata imeneyo chinagulidwa chosauma, n'kusungidwa m'shedi ya fodya yodontha. Ufa wake unkanunkha chuku munthu ali pakhomo. Ndinakana kuti upite kuchipatala. Poizoni wa chuku satha ndi moto, ndipo ana amene akanamwa phalalo anali odwala kale.

Tsoka lake, a Moffat anali atangobwera kumene kusemina ku Lilongwe. Anabwerako ndi chikwama, sikipa ndi nzeru yatsopano: ubwino wa katundu ndi udindo wa aliyense. Iwo anaiphatikiza ndi matipate, amene anali asanathe chaka chibwerereni m'dziko muno.

"Nthawi yomvera munthu mmodzi inapita, a Kwalite," anatero. "Tivota."

Anazimitsa chigayo n'kuitana onse. A Enoki, dalaivala wa lole, anafika akupukuta manja.

"Tikusankhanso boma, bwana? Lija latha kale?"

"Tikusankha ufa. Ukapanda kupita, chipatala chiyamba kugula kwina, ndipo chigayo ichi chizizira. Amene akuti ufa uli bwino, dzanja m'mwamba."

Manja anakwera. Ena anakweza dzanja limodzi, linalo litatseka mphuno. Mayi Rakele, amene ankasefa ufa mwana ali kumsana, anakweza lawo mpaka paphewa, maso ali pansi. Wotsutsa ndinali ndekha. Chuku chinapambana mwaufulu ndi mwachilungamo.

"Mwaluza, a digiri," anatero a Enoki. "Musadandaule, mudzaimanso."

"Ndavomereza zotsatira," ndinatero. "Ndingofunsa za mawa."

Lachisanu lililonse wantchito aliyense ankalandira paketi ya ufa yokaphikira ana kunyumba. Mwambowu anauyambitsa a Moffat eni ake, ndipo ankaunena kwa mlendo aliyense. Iwo ankatenga mapaketi awiri, poti anali ndi mapasa.

"M'nyumba yosungira katundu mulibe ufa wina," ndinapitiriza. "Ndiye mapaketi a mawa ndidzaze ndi wopambanawu? Ndiyamba ndi anu, bwana, mwaulemu."

Dzanja la mayi Rakele, limene anali ataliiwala m'mwamba, linatsika n'kukagwira phazi la mwana wawo.

"Wanga sakonda phala masiku ano," anatero motsitsa.

"Anga ali ndi m'mimba," anatero wina kumbuyo.

"Ine anga anakula," anatero a Enoki, amene mkazi wawo anali atachira mwezi womwewo.

Sindinadziwe kuti ana a ku Madisi adana ndi phala onse pamodzi chonchi.

A Moffat anapisa dzanja m'thumba limodzi, natapa ufa pang'ono. Anauyandikiza kumphuno, kenaka anayang'ana kukhoma kumene anakhomako chikwangwani chimene anabwera nacho kusemina kuja. Anasasa manja pa thalauza, ufa n'kusiya zala zoyera pansalu yakuda.

"A Enoki, lole isapite kuchipatala. Matumba awa mukatenthe kudzala." Anatembenuka kupita ku ofesi, koma anaima pakhomo. "Ndipo kuyambira lero, pano palibenso kuvota."