Mtsinje wa M'magalasi

Anafika Lachiwiri pa buleki, mwamuna wowonda wonyamula chikwama chakuda, ndipo palibe anafotokoza chimene wadzera. Aphunzitsi a uphungu, ba Chileshe, anangoti, "Aba ni ba Elias," n'kumutsegulira kachipinda ka kuseri kwa laibulale.

Ennie, mtsikana wa giredi 12, anamuonera pawindo. Masiku amenewo ankaona zonse kupatula bolodi. Chimirire mlongo wake Fines mu mtsinje wa Kafue, ku Chanyanya, miyendo yake inkakana kukhala pansi pa desiki. Ankangodzuka pakati pa phunziro n'kutuluka. Ahedi anali atamuchenjeza kuti akadzathawanso kamodzi, mayeso a giredi 12 adzangowamvera kunyumba.

Lachinayi ba Chileshe anamuitana. M'chikwama muja munali magalasi aakulu omangira kumutu, oti ukavala umapezeka kwina.

"Ni ya bana bali na maganizo maningi," anatero ba Chileshe. "Uzaona malo yabwino, mtima uzakhala pansi."

"Ngati nafunta niuzeni chabe, ba madamu."

"Iwe vala, vokamba vachuluka."

Anavala, ba Chileshe n'kudina batani. Kunatulukira mtsinje waukulu, wabata, bwato likuyandama lopanda munthu. Amene anakonza chithunzicho ankayesa madzi amatonthoza aliyense. Ennie anakuwa, kugwetsa mpando, manja akupapasa chitseko.

"Osati ya manzi, ba madamu!" anafuula mlendoyo, akumuvula magalasiwo. "Uyu ni mlongo wa Fines!"

Ennie anali atagwira kale chogwirira cha chitseko. Panja, geti inali pululu. Koma anatembenuka. Ndani anamuuza munthuyu za Fines?

"Mumuziba bwanji?"

Mwamunayo anayang'ana pansi. "Ukachoka apa subwelanso. Nkhala, nikuuze."

"Palibe vonena. Ndine ninamupaya." Mawu amene anawabisa miyezi isanu anangotuluka okha. "Tinayambana m'mawa muja. Ninamuuza ati yenda, usakabwele. Ndiye sanabwele."

"Mau yako aja anayaseka njira yonse," anatero mlendoyo. "Anati, 'Ka Ennie kali na kamwa monga lumo, kazankhala loya.' Ni mvuu inatigubuduza, mwana. Osati iwe."

Inatigubuduza. Ennie anakumbukira manong'onong'o a pamaliro, akuti m'bwatomo munali wina, amene anathawa maliro asanaikidwe poopa kuti amunamizira kukhwima. Akuluakulu sankatchula dzina lake pamaso pa ana.

"Nakhala ku Lusaka, ninapeza nchito yonyamula magalasi aya mumasukulu," anapitiriza. "Nitaona sukulu yanu ya Kafue pa mndandanda, ninapempha anitume ine."

Belu la masamu linalira. Dzanja la Ennie linasiya chitseko pang'onopang'ono. Anadzutsa mpando uja n'kukhalapo.

"Nizalowa mukalasi," anatero. "Koma poyamba niuzeni. Ndimwe bandani?"

Mwamunayo anayang'ana ba Chileshe, kenako Ennie.

"Elias ni dzina ya batate banga. Ine ndine Lastone, uja ninali m'bwato na Fines."